Matewera a ku Joni

Pamudzi pathu, kuseri kwa Limbuli, aliyense amadziwa kuti mwana wanga Tadala ndinamudula. Funsani azimayi pamjigo, funsani akabaza pasiteji, akuuzani kuti ndinapita ku Joni, ndinagona ndi mwamuna wosadziwika ngakhale dzina, ndipo mwana amene ndinamusiya ali khanda anatuluka zilonda, nayamba chifuwa chosatha. Amene anawauza zimenezi ndine ndemwe, ndi pakamwa pangapa, nditagwada. Ndiye kuwakwiyira sindiyenera. Koma ndimawakwiyirabe, ndipo ndikulemba izi chifukwa pakamwa ndinayesa kunena zoona, sizinamveke.

Ndinachoka Tadala ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Bambo ake anali atawoloka kale pa Muloza, ati kukagula nandolo ku Milanje, ndipo mpaka lero akugulabe. Ine ndinali ndi setifiketi ya zaulembi ndi kompyuta, yokutidwa bwino m'pulasitiki, imene ndinazungulira nayo maofesi a m'maesiteti a tiyi mpaka nsapato kupindika. Kulikonse yankho linali limodzi: siyani kalata, tikuyimbirani. Mwana ndinamuletsa kuyamwa m'sabata imodzi, akulira ine ndikulira, n'kumusiya m'manja mwa achemwali anga aakulu, a Esinati, amene Mulungu sanawapatse wawo. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amene ndi mwini mbumba yathu, anandiperekeza mpaka pamsewu.

"Mwanayu sanatengedwe," anatero. "Bambo wake anathawa mwambo usanachitike. Akadali wozizira. Ukakangotentha kumeneko, wamudula. Wamva?"

Ndinati ndamva. Za amuna sizinali m'mutu mwanga n'komwe. M'basi muja, kuyambira Mwanza mpaka kudutsa Tete, mabere anali gwa ngati miyala, mkaka ukudontha, ndipo mayi wina woyandikana naye anandibwereka chitenje kuti ndidzimange pachifuwa. Fungo la mkaka wosasa ndinafika nalo ku Joni.

Amene anandilandira ndi Asiyatu, Myao wa pamsika pathu pomwe, mwana wa abambo ena ogulitsa nsomba zouma. Tinkagona anayi m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya mwini malo. M'nyengo yozizira malata ankatuluka thukuta, n'kumatidonthera pankhope. Asiyatu anali munthu woseka ndi thupi lonse. Iye ndiye anandipezera ntchito pafakitale imene ankagwirako, yokonza zitsulo za m'mahotela: mipopi, zogwirira zitseko, zokolekapo mataulo. Azibambo ankanola zitsulozo pamakina. Ife azimayi tinali m'chipinda chakumapeto, chopanda zenera, kumene tinkasakaniza ufa wa chitsulo ndi mankhwala amadzi, kupopera pazitsulo, zikauma n'kuzipukuta mpaka uzidziona nkhope.

Ufa umenewo unali wa siliva ndi wa nikelo. Musaganize za ufa wa kuchigayo ayi. Uwu unali wosalala kuposa phulusa. Ukatsegula chigubu sunkagwa pansi, unkakwera ngati utsi n'kusowa. Tinkangouona masana dzuwa likalowera pabowo la denga, ukuyandama pamwamba pa mitu yathu. Zophimba pamphuno ankatipatsa chimodzi pasabata, chapepala, ndipo pofika Lachitatu chinkakhala ngati tsamba lofota. Lachisanu lililonse aliyense ankalandira paketi ya mkaka.

"Mkaka umatsuka chifuwa," ankatero folomani wathu. Anali Mmalawi mnzathu, koma ankatilankhula Chizulu, Chichewa chinkangomubwerera akafuna kutukwana. Tsiku lina mayi wina anapempha chophimba chachiwiri.

"Kwanu kutakataka ndi utsi wa nkhuni mumavala chiyani?" anayankha. "Mwadzera pansi pa waya, lero mukufuna kupuma ngati abwana? Geti ilo."

Panalibe amene anali ndi mapepala okhalira m'dzikomo. Geti tinkaliopa kuposa ufa.

Apa ndipamene payambira tchimo langa lenileni. Pachigubu panali chithunzi cha munthu wakuda bii, pachifuwa pake pataphulika nyenyezi yoyera, pansi pake mawu a Chingerezi ang'onoang'ono. Tsiku lina tikudya buledi pamalo pomwepo, Asiyatu anandikoka dzanja.

"Iwe wasukulu, tatiwerengera. Alemba chiyani apa? Kapena setifiketi ija unagula?"

Ndinawerenga chamumtima. Analemba kuti tizidutswa ta ufawo n'tating'ono kwambiri moti timalowa mkati mwenimweni mwa mapapo. Analemba kuti usakhudze khungu, kuti ungayambitse ziwengo, ndiponso kuti nsalu zopukutira zizitsekeredwa m'matumba, zisatuluke. Ndinamva liwu lililonse. Ndinayang'ana azimayi aja, onse ali ndi ana kwawo, ndinaganiza za geti, ndipo ndinati, "Akuti tisadye."

Anaseka mpaka kutsamwa. "Ndiye ndani angadye zimenezi, ngakhale njala ya chaka chija?" anatero Asiyatu. Nkhani inathera pomwepo.

Nsalu zopukutirazo zinkabwera m'mabelo. Zinali zoyera, zofewa ngati khutu la mwana wa mbuzi, zodulidwa kale makona anayi. Ukapukutira zitsulo zingapo unkayiponya mumgolo, ikadali yolimba, yangoda pang'ono. Munthu wakumudzi sungaone nsalu yotero ikutayidwa mtima osawawa. Asiyatu ndiye anayamba kunena.

"Awa ndi matewera enieni, mnzanga. Mwana wako akugonera zigamba za chitenje, kuno akutaya zimenezi?"

Ndinayamba kuzibisa m'kati mwa ovolosi, ziwiri lero, zitatu mawa. Lamlungu ndinkazichapa katatu ndi sopo waufa, kuzinyika, kuziyanika. Zinkatuluka zoyera, koma ukaziyang'anitsitsa padzuwa zinali ndi kotuwa kena kake, ngati mtambo wa chiperoni. Ndinadziuza kuti sopo wachotsa zonse. Ndinkadziwa zimene ndinawerenga, koma ndinkafunitsitsa kuti kwathu atsegule katundu n'kunena kuti mwana wathu akugwira ntchito. Ndinazipinda bwino, ndinaika pamodzi ndi mafuta odzola ndi tinsapato, n'kupereka kwa atransipota.

A Esinati ananditumizira chithunzi pafoni. Tadala atakhala pamphasa, thewera loyera mbee, pini yaikulu pamimba, akuseka ndi mano awiri. Chithunzicho ndinachionetsa fakitale yonse. "Tumiza ena ambiri," analemba achemwali. "Azimayi a kutchalitchi akufunsa." Ndinatumiza kachiwiri, kachitatu.

Thupi langa linayamba ndi makutu. Ndolo zimene ndinavala kuyambira ku sekondale zinayamba kundiyabwa, m'mabowo n'kumatuluka madzi. Kenaka batani la jinzi linandisiyira chilonda chozungulira pansi pa mchombo. Kenaka wotchi, kenaka zipi. Chitsulo chilichonse chokhalitsa pakhungu langa chinasanduka mdani. Manja anang'ambika m'mizere. Chimfine chinkatha sabata ino, sabata yamawa china chalowa, ndipo kachilonda kakang'ono kongodzicheka ndi mpeni kankatenga mwezi. Zithupsa m'khwapa. Ine amene kwathu ndinkakwera phiri kukatola nkhuni osadwala chaka chonse.

Asiyatu yekha zinamugwira pachifuwa. Akamapuma munkamveka kalikhweru. Anayamba kukhala pansi pakati pa ntchito, atagwira m'mawondo. Tinkamubisa kuseri kwa mabelo folomani akamadutsa, ntchito yake n'kugawana. Zinatheka kwa miyezi iwiri. Tsiku limene folomaniyo anamupeza, anaima pakhomo manja m'thumba.

"TB yako ukapatsire anthu akwanu. Vula ovolosi."

"Si TB, achimwene, anandipima."

"Achimwene ako ndani? Vula."

Anavula pamaso pathu tonse. Tonse tinabwerera pazitsulo zathu, ngakhale ine wasukulu. Anakwera basi patatha sabata. Pondisanzika anayesa kuseka, koma kuseka kunasanduka chifuwa, ndipo anangondigwira phewa mpaka chinadutsa. Pano ali kwa abale ake ku Mangochi. Foni yake ndimayiopa.

Nthawi imeneyi mauthenga akwathu anali atasintha. Tadala watuluka zilonda m'mphechepeche. Tadala akukhosomola. Tapita naye kuchipatala, ampatsa mafuta, zapola, zabwereranso. Kenaka a Esinati anasiya kutumiza zithunzi. Kenaka amayi anandiyimbira okha, chinthu chimene sankachita.

"Tandiuza zoona, mwana wanga. Ukukhala ndi ndani kumeneko?"

"Ndinali ndi Asiyatu anapita uja, amayi, pano ndatsala ndi anzanga awiri."

"Ine ndakubala. Ukukhala ndi ndani?"

Ndinapirira miyezi ina ingapo, kenaka ndinanyamuka. Ndinabwera ndi chikwama chimodzi, bulangete, ndi manja okulunga m'nsanza.

Ndinafika masana, chiperoni chitaphimba phiri lonse. Tadala anali pakhonde la a Esinati, wazaka ziwiri ndi theka, wochepa thupi ngati wa chaka chimodzi, tsitsi lofiirira. Nditatambasula manja anathawira kuseri kwa siketi ya achemwali n'kunena kuti, "Amayi, anti awo." Ndinamva ngati andithira madzi a m'mtsinje wa Muloza. Ndinasendera kuti ndimunyamulebe, koma a Esinati anaika mkono pakati.

"Usamukhudze. Sunakwane ndi zimene wachita?"

Matewera anali atasiya, koma nsalu zija zinalipo paliponse. A Esinati ndi munthu waluso pa singano. Anamusokera timalaya tiwiri tam'kati, kapilo, ndi kofunda kolumikizalumikiza. Mwana wanga ankagona nkhope ili pansalu zimenezo, akuzipumira. Pamimba pake, pamene pankakhala pini, panali chipsera chozungulira, chofanana ndendende ndi changa cha batani.

Malamulo anandipeza tsiku lomwelo. Ndisathire mchere m'ndiwo za pabanja. Ndisanyamule mwana, ndisamudyetse, ndisagone naye nyumba imodzi. Ndinkagona kwa amayi, kukhosomola kwake ndikukumvera kutsidya kwa bwalo. Pamjigo azimayi ankasuntha zidebe zawo ndikafika. Wina ananena mokweza, akuyang'ana kumwamba, "A ku Joni amabwera ndi mafiriji, ena amabwera ndi mamba."

Ndinapita ndekha kuchipatala cha mishoni. Anandipima magazi, kachilombo ndinalibe. Anandipima makhololo, TB ndinalibe. Dokotala wake anali mayi wamng'ono thupi, wodekha, ndipo atayang'ana manja anga ndi makutu anafunsa funso limene palibe anali atandifunsapo: "Munkagwira ntchito yanji?" Ndinamuuza zonse, za ufa, za chigubu, za matewera. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Anandifotokozera motere. M'thupi muli asilikali amene ntchito yawo ndi kumeza chachilendo chilichonse n'kuchiphwanya. Kachilombo amakaphwanya. Koma chitsulo sichiphwanyika. Tizidutswa tating'ono chonchi timafika pamene fumbi wamba silifika, asilikali amatimeza, amalephera, amaitana anzawo, ndipo malo amenewo amatupa osaleka. Ena amakhalira nkhondo yosathayo mpaka matenda enieni akabwera amawapeza atatopa. Ndipo nikelo, anatero, thupi likangomuzindikira kuti ndi mdani silimuiwala, ndiye chifukwa chake ndolo ndi pini yomwe zimayabwa.

"Ndiye mwana wanga ndamudwalitsa ndine?"

"Sindinganene motsimikiza," anatero. "Kuno tilibe makina oyezera zimenezo, ndipo chifuwa cha ana chili ndi zifukwa zambiri. Mubwere naye timuone. Koma nsaluzo zichoke lero lomwe. Musaziwotche, utsi wake mungaupume. Zikwirireni."

Lero lomwe. Ine amene sindinkaloledwa kuponda pakhonde pake.

Ndinapempha atsibweni kuti tikhale pansi. Anabwera Loweruka m'mawa, tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala: iwo pampando, amayi ndi a Esinati pamphasa, ine pansi. Ndinatulutsa mapepala a kuchipatala. Ndinafotokoza zonse monga ndafotokozera pano, osabisa ngakhale zoti ndinawerenga pachigubu n'kunama. Ndinalira. Ndinaganiza kuti andimenya, ndipo ndinali wokonzeka.

Atsibweni anatembenuza pepala lija uku ndi uku, n'kulibweza.

"Mdulo sapima kuchipatala," anatero.

"Koma atsibweni, nsaluzo..."

"Unazichapa?"

"Ndinazichapa."

"Kangati?"

"Katatu."

"Nanenso ndazichapa zaka ziwiri," analowererapo a Esinati. "Ndi manja angawa. Chitsulo chake chili pati? Tachionetsa. Chitsulo chimalira ukachigwetsa, ichi n'chitsulo chanji chosaoneka, chosachapika? Sukulu yakoyo usatipusitse nayo. Ine ndakulerera mwana, usiku ndi usana, iwe ukuvina ndi amuna, lero ukufuna kunena kuti wamudwalitsa ndine ndi kapilo?"

"Sindinatero, achemwali."

"Watero! Ndipo azimayi onse ndinawagawira aja ndikawauze chiyani? Kuti ndinawapatsa poizoni?"

Pamenepo ndinazindikira kuti zoona zanga zinali zodula kwa aliyense. Zinkatanthauza kuti a Esinati anafunditsa mwana matenda ndi manja awo. Zinkatanthauza kuti amayi analakwitsa pondiganizira. Zinkatanthauza nyumba zina zisanu ndi imodzi zimene achemwali anagawako nsaluzo. Pamene chiwerewere changa chinali chotchipa: wolakwa mmodzi, mankhwala ake odziwika.

Amayi anayankhula motsitsa, osandiyang'ana. "Ungovomera, mwana wanga. Si iwe woyamba. Ukavomera, amayi a zitsamba a kutsidya aja akupangira mankhwala, umudyetsa wekha, mwana umutenga. Ukakana, ife sitingakupatse mwana kuti akafere m'manja mwako."

Kumbuyo kwa nyumba Tadala anakhosomola, chifuwa chija chokoka ngati akung'amba nsalu. Ndinafunsa kuti, ndikavomera, ndimutenga liti?

"Mawa lomwe," anatero atsibweni.

Ndinagwada bwinobwino, maondo onse awiri. Ndinati ndinachimwa, ndinagona ndi mwamuna.

Amayi anapuma mozama ngati atula mtolo. A Esinati anawomba m'manja kamodzi. Atsibweni anafunsa kuti mwamunayo ndi wakuti, dzina lake ndani. Bodza limenelo ndinali ndisanalikonze. Ndinati dzina sindinamufunse.

"Ngakhale dzina!" anakuwa a Esinati. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva.

M'mawa mwake mayi wa zitsamba anabwera ndi mizu yosinja m'kapepala. Anandiuza kuti ndiphike phala ndekha, ndithire mankhwalawo, ndithire mchere ndi dzanja langa, ndilawe, kenaka ndimudyetse mwana. Tadala anakana, analira, anafuna a Esinati. Ndinamugwira pamiyendo panga kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri, wopepuka ngati mtolo wa masamba, ndipo anameza masipuni atatu. Anati mwambo watha.

Sindinadikire. Ndinalowa m'nyumba ya achemwali ndi thumba la feteleza, ndinatenga kapilo, kofunda, timalaya, ndi zotsala zonse zimene zinali mudengu. A Esinati anaima pakhomo.

"Ukupita nazo kuti?"

"Ndi za mwana wanga. Si mwati ndamutenga?"

Ndinakaziponya m'chimbudzi chakale chimene tinasiya, ndinagumulira dothi pamwamba, n'kupondaponda. Kenaka ndinayenda nyumba zisanu ndi imodzi zija. Awiri anandipatsa, mwina pofuna kuti ndichoke msanga. Mmodzi anati zinatha kalekale. Atatu anakana. Wina anandiyankha ali pakhomo, mwana ali kumsana: "Mwamaliza kudula wanu, mwayamba kuyendera athu?" Mpaka lero ndikamadutsa ndimaziona pachingwe, zoyera motuwa, zikuuluzika. Ndinakauza dokotala uja, anati atumiza alangizi a zaumoyo. Kaya anapita.

Ndinapita naye Tadala kuchipatala. Anamupatsa mafuta ndi mankhwala opopera mkamwa chifuwa chikamutsekera. Ndinachotsa chitsulo chilichonse pa zovala zake, mabatani ndinasokerapo apulasitiki. Patatha mwezi zilonda zinauma. Patatha miyezi itatu anayamba kunenepa m'masaya. Chifuwa chokha sichinathe. Chiperoni chikatsika ndimakhala ndikumuyang'ana nthiti, kuona ngati zikulowa mkati, ndipo palibe amene angandiuze ngati zidzatha kapena akula nazo. Amanditchula amayi tsopano, koma akagwa amalirira a Esinati. Ine manja anga amapola n'kuyambiranso. Ndimagulitsa zinanazi pamsewu, ndalama zachitsulo ndimalandirira m'kambale.

Mwana atayamba kuthamanga ndi anzake, amayi anandiitana. Anali atagwira nkhuku yathu yaikazi, yoyera, atayimanga miyendo ndi luzi.

"Waona?" anatero. "Ukanavomera kale mwanayu sakanavutika chonchi. Mankhwala aja agwira. Tiyenera kukathokoza."

Ndinayang'ana Tadala akuthamangitsa anapiye, fumbi lili kobo. Ndinayang'ana amayi, nkhope yawo itamasuka koyamba chibwerere changa.

Kutsidya kwa mtsinje, kwa mayi wa zitsamba uja, ndi ulendo wa ola limodzi, ndipo njira yake imadutsa pamjigo. Nkhukuyo ndinanyamula ndine.